Chikhoti cha Agogo Chinapita ku Sikotilandi

Chikhoti cha agogo chinkanunkha fodya, utsi wa nkhuni, ndiponso, ndisabise, mikodzo ya mlongo wanga Feliki. Chinali cha usilikali, cholemera ngati thumba lonyowa, ndipo mabatani ake achitsulo ankatidinda m'masaya. Agogo aamuna anabwera nacho kuchokera ku nkhondo ya azungu, kumene ankaliza lipenga. Masana ankachivala eni ake, usiku tinkafunda ine ndi Feliki, poti bulangete lathu linali litatha kalekale.

Chaka chimenecho kwa Nsamala chisanu chinabwera msanga. Mphepo ya mwera inkalowera pansi pa chitseko, miyendo yathu ili mbuu, zidendene zong'ambika. Chitopa chinali chitasesa nkhuku zonse pakhomo. Amayi ankachokera kudimba ali wefuwefu, n'kukhala pakhonde osafuna kuyankhula ndi munthu.

Tsiku lina akatekisiti a kutchalitchi kwathu anabwera ndi mayi wachizungu. Bambo ake a mayiyo ndi amene ankalamula gulu la agogo kunkhondo. Akatekisiti akumasulira, mayiyo anafotokoza za linga lakale lamiyala la kwawo ku Sikotilandi, lomangidwa pamwamba pa thanthwe. Mafumu ankalimbirana lingalo, linapsapo n'kumangidwanso, kenako munadzakhala asilikali. Tsopano ankasungiramo zinthu za asilikaliwo kuti anthu azidzaona. Iye anangopempha kujambula chikhoticho.

Koma kwathu mlendo wochokera kutali sabwerera chimanjamanja, amam'gwirira nkhuku. Agogo anayang'ana khola lopanda kanthu lija kwa nthawi yaitali. Kenako anavula chikhoti, n'kuchipinda bwinobwino, n'kuchipereka ndi manja awiri. Mayiyo anakana, koma akatekisiti anamunong'oneza kuti kukana mphatso ya munthu wamkulu n'kumunyoza. Anachilandira misozi ili m'maso.

Galimoto itapita, amayi anafunsa motsitsa mawu, "Bambo, nanga anawa afunda chiyani?"

"Iyayi mwanangu," anatero agogo, "ukufuna akanene kwawo kuti anandipeza ndilibe ngakhale chopatsa mlendo?"

Amayi analibe mphamvu zokangana. Analumikiza matumba a feteleza ndi singano yaikulu, ndipo tinafunda amenewo, ophokosera ukangotembenuka, osagwira kutentha. Feliki anatsokomola mpaka chisanu chinatha. Ine ndinakwiya kwambiri, moti madzi osamba a agogo ndinkawatula mowatayira dala. Ataona zimenezi, agogo anandiuza kuti ku Sikotilandi kumazizira kuposa kuno, madzi amachita kuuma gwa. Ndinaganiza za mwana wa kumeneko akunjenjemera m'linga lamiyala, atapeza chofunda chifukwa cha ife, ndipo mtima unatsikako.

Agogo anamwalira mvula itayamba, ndipo anawaika atakulungidwa m'nsalu wamba.

Chaka chatha mwana wanga anandionetsa pa foni zithunzi za m'linga lija. Chikhoti chilipo, m'bokosi lagalasi, atachiveka chidole chamtengo chopanda mutu. Ndinachizindikira ndi chigamba cha chitenje chimene amayi anasokerera pachigongono. Sindinakwiye, ndinangomva kutopa kuja kwa amayi pakhonde. Agogo ndimawamvetsa tsopano, ulemu ndi umene unali utawatsalira. Koma ndili mwana ndinawakhululukira chifukwa cha mwana wa m'linga uja, ndipo mwanayo kunalibe. Zaka zonsezi chikhoti chathu chakhala chikufunditsa mtengo.