Siteshoni ya M'bokosi la Nsapato

Anandilanda siteshoni ya sitima ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali yamatabwa, yokwana m'bokosi la nsapato: denga lobiriwira, benchi imodzi, chikwangwani cha zilembo zachijapani, ndi sitima ya bogi imodzi yokha. Sindinaibe. Ndikuneneratu chifukwa aliyense amene ndamuuzapo nkhaniyi amayamba wandiyang'ana m'manja.

Chilimwe chimenecho sukulu itatsekera, amayi analibe wondisiyira. Amalume, amene tinkakhala nawo ku Barking mumzinda wa London, anati iwo si nazale. Ndiye amayi ankanditenga popita ku shifiti ku Lewisham, kunyumba ya bambo wina wokalamba wa ku Japan amene ejensi ya osamalira okalamba inawatuma kuti azimusamalira. Ine ndinkangowatchula kuti madala. Tisanatsike basi amayi ankabwereza mawu omwewo: "Ukakhale ku khitchini. Usakakhudze kanthu. Wina akagogoda, ukalowe m'bafa."

Ku khitchini ndinapirirako masiku awiri. Tsiku lachitatu madalawo anandipeza ndikusuzumira pabalaza, nandikodola. M'chipindamo munkanunkha tiyi wowawa ndi mafuta opaka m'mawondo. Siteshoniyo inali pawindo. Anandiuza kuti anaipanga okha, pokumbukira ya kumudzi kwawo. Chingerezi chawo chinali chodukaduka, koma ndinamva. Kumeneko kulibe wogulitsa matikiti, kulibe geti, kulibe mlonda. Sitima imabwera kangapo kokha patsiku, kudzera m'minda ya mpunga, ndipo ukatsika umaponya tikiti m'kabokosi n'kumapita.

"Nanga akuba?" ndinafunsa.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Aba chiyani? Benchi?"

Sindinawakhulupirire. Siteshoni yomwe ine ndinkaidziwa inali ya mageti ndi makamera, pomwe amayi ankandifinya dzanja akangoona munthu wa yunifolomu. Ndinaganiza kuti madalawo akunditchera msampha, aone ngati ndili ndi dzanja lalitali. Sabata yathunthu manja anga sanatuluke m'matumba. Kenako anandipatsa kabulashi koti ndizichotsera fumbi padenga, nandiphunzitsa kulengeza dzina la siteshoniyo sitima ikamafika. Dzinalo ndinaliiwala. Zimandinyansa kuti ndinaliiwala.

Tchuthi chitatsala pang'ono kutha, Lachisanu lina, anaika siteshoni ija m'bokosi nanditambasulira. Amayi anali m'chipinda cham'mwamba akuyala bedi. Ndinachita zomwe amayi omwewo anandiphunzitsa: wamkulu akakupatsa chinthu sukana, umagwada n'kulandira ndi manja awiri. Palibe anandiuzapo kuti wosamalira okalamba saloledwa kulandira mphatso, ngakhale switi. Bokosilo ndinaliika m'chikwama changa. Amayi analiona titafika kale kunyumba, ndipo anakhala pansi osavula n'komwe nsapato. Anati tikalibweza Lolemba.

Loweruka mwana wamkazi wa madalawo anabwera kudzawaona, napeza pawindo popanda kanthu. Madalawo atamuuza kuti anaipereka kwa kamnyamata, iye anaimbira ejensi kufunsa kuti ndi kamnyamata kati.

Manijala wa ejensi anaimbira amayi Lolemba m'mawa. Ndinali pakhomo pa chipinda ndipo ndinamva zonse. Amayi analankhula Chingerezi chawo chakuntchito, chofatsa chija. Anati sanatenge kanthu. Anati mwana wawo sanapondemo m'nyumba imeneyo. Anati madalawo masiku ano akusokoneza zinthu, akumaona anthu omwe palibe.

Madalawo sankasokoneza kalikonse. Ankadziwa pamtima nthawi ya sitima iliyonse ya kwawo.

Masana omwewo amalume anandilanda bokosi m'manja. "Iwe, ukufuna tonse atikweze ndege chifukwa cha kachidole?" Anakalitaya m'bini ya msewu wina, osati wathu, kuopa kuti wina angalizindikire. Patapita miyezi ndinamva amayi akunong'onezana ndi amalume kuti madala aja awasamutsira kunyumba yosungirako okalamba, poti m'faelo munalembedwa kuti mutu wayamba kuwasokonekera. Atandiona anasintha nkhani.

Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti viza ya amayi inali yomangirizidwa ku ntchito imeneyo, kuti kuvomera zoti ankapita ndi mwana kwa wodwala kunali kulongedza masutikesi. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti amayi anga auza munthu, ine ndikumva, kuti sindinaliko.

Lero zonsezo ndikuzidziwa, choncho wina asandiuze kuti ndiwamvetse. Koleji ndinasiya, ndimanyamula makatoni mosungira katundu, ndipo sindikunena kuti chinandisiyitsa ndi kachidole. Koma ndikawafunsa amayi za chilimwe chimenecho, amandiyang'ana m'maso n'kunena kuti ndinkatsala ndi amalume.

Kunyumba ija ndinapitako masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Mpaka lero amayi sanandibwezere ngakhale limodzi.