Kompyuta Ikuphunzira Mabuleki

Ine ndine makanika wa maminibasi, koma a Haji Saidi, ogula nsomba kuno kunyanja, atabwera ndi galimoto yawo yapamwamba, sindinafune kuoneka wamantha. Ndinasintha mapadi ndi madisiki a mabuleki, ndikuimba mluzu kuti odutsa andione. Chimene ndinaiwala amachidziwa ngakhale wophunzira ntchito: ukasintha mapadi, umayamba wapopa buleki galimoto isanayende.

A Haji analowa, naliza injini, nayamba kubwerera m'mbuyo. Ataponda buleki, phazi linangofika pansi. Galimoto inatsetsereka mpaka inakagwetsa thandala la usipa la akazi awo omwe, limene linali pafupi ndi galaja yanga. Mayiwo anakuwa, mdzukulu ali m'manja, atangomuchotsa kumene pansi pa thandalalo.

A Haji anatuluka, usipa uli mbwee pagalasi. "Amisiri, chachitika n'chiyani?"

"Bwana, magalimoto odulawa ali ndi kompyuta," ndinatero, osaphethira. "Ikuphunzira kaye mabuleki atsopanowa. Muzipopa musananyamuke."

Anandigwira dzanja, nandithokoza.

Mpaka lero, m'mawa uliwonse amati Bisimila, n'kupopa buleki kuti kompyuta idzuke. Aphunzitsanso anzawo onse a kumzikiti, ndipo amatchula dzina langa.