Ndodo Yopunthira Mpunga Inandidzutsa pa Mphasa

Chizindikiro choyamba chinali ndodo kugwa m'manja. Munali mu Juni chaka chatha, Lachiwiri m'mawa, ndili pabwalo kupuntha mpunga umene ndinakolola kudambo kwathu kuno kwa Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ndinakweza ndodo monga ndakhala ndikuchitira kuyambira pa utsikana wanga, koma dzanja lamanja linangoitaya kumbuyo. Nditawerama kuti nditole, zala zinakana kugwira. Mwana wanga wamkazi Esinati, amene nyumba yake inayandikana ndi yanga, anandifunsa chifukwa chake pakamwa panga panapotokera mbali imodzi. Ndinamuyankha kuti ndangotopa, koma mawuwo anatuluka ngati ndili ndi mbatata yotentha m'kamwa.

Apa ndinalakwitsa, ndipo sindibisa. Ndine munthu wa zaka 68 ndipo ndinali ndisanagonekedwepo m'chipatala kupatula pobereka. Ndinakana kupita tsiku limenelo chifukwa mpunga unali pabwalo ndipo nkhuku zinali zitayamba kale kuuzungulira. Esinati anandithowa mkono ndi madzi ofunda, ine n'kugona. Lachitatu ndinadzuka mwendo wamanja ukukokeka pansi, kapu ya tiyi osatheka kunyamula. Anandikweza pa njinga yamoto ya kabaza, Esinati atandikumbatira kumbuyo kuti ndisagwe, mpaka kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Namwino atandiyeza anati magazi akuthamanga kwambiri, ndipo masana omwewo ananditumiza ku chipatala chachikulu ku Zomba.

Kumeneko ndinakhala masiku asanu ndi anayi. M'mawa uliwonse ankayamba ndi kukolopa muwodi, kenako kutiyeza, kenako mankhwala, ndiyeno kudikira adokotala. Kudikira ndiye kunali kochuluka kuposa zonse. Esinati anali gadiyani wanga, ankagona pansi pambali pa bedi. Tsiku lachiwiri adokotala anandiuza mosapita m'mbali. "Amayi, iyi ndi sitiroko. Magazi anasiya kufika bwino mbali ina ya ubongo. Mukanabwera tsiku lomwe lija ndodo inagwa, zinthu zikanapepukirako." Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa ndinasinthanitsa mkono wanga ndi mpunga wa pabwalo. Potuluka anandipatsa mapiritsi a tsiku ndi tsiku. Mayi wina wophunzitsa mafizo, ndiye kuti masewera olimbitsa ziwalo, anatisonyeza zoti ndizikachita kunyumba, natiuza kuti tibwerenso pakatha mwezi.

Kunyumba n'kumene kunachitika kulakwitsa kwachiwiri, ndipo kumeneku kunachokera m'chikondi. Kwathu kuno munthu wamkulu akadwala amagona pa mphasa, ana n'kumamuchitira zonse. Anthu akabwera kudzazonda matenda ayenera kumupeza atagona, atafunda bwinobwino, kuti aone kuti ana akusamala kholo lawo. Esinati anatsata zimenezi mpaka kumapeto. Ankandimwetsa phala ndi sipuni, kundisambitsa, kundiveka mpango. Ndikangoyesa kutambasula dzanja kuti nditenge kapu, ankathamanga ngati ndikufuna kugwira moto. Za mafizo zija tinaziika pambali. Ndinene zoona, nanenso ndinkaona kuti si zinthu zoyenera munthu wa msinkhu wanga, kumakweza miyendo m'mwamba pamaso pa akamwini.

Mkati mwa mwezi umenewo kunabwera mwana wanga wamwamuna Lameki, amene amagwira ntchito ku Blantyre. Atandiona pa mphasa analira, kenako ananena maganizo ake. Anati ngati pofika nthawi yowokera mpunga mu Januwale ndidzakhale ndisanayambe kuyenda, adzanditenga ndikakhale kwa iye, ndipo munda wanga wa kudambo upatsidwe kwa achibale ena aziulima. Esinati sakanatha kuuwonjezera pa minda yake. Mtima unandipweteka kuposa mkono. Munda umenewo anauswa ndi agogo anga aakazi atangofika kuchokera ku Mozambique, amayi anga anaulima, ine ndaulima moyo wanga wonse. Ndipo aliyense kuno akudziwa kuti munda wa kudambo ukaubwereketsa kwa m'bale, kubweza kwake kumakhala kwa milandu.

Kumapeto kwa Julaye tinabwerera ku Zomba. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu tisanaitanidwe. Mayi wa mafizo uja atagwira mkono wanga kuti aukweze, ndinakuwa. Phewa linali litauma, zala zitayamba kupindikira mkati. Anafunsa zimene ndinkachita kunyumba, ndipo Esinati anayankha monyadira kuti sindigwira kanthu kalikonse. Mayiyo anapukusa mutu. "Achemwali, ulemu wanuwu ukuwaumitsa mayi anu. Chiwalo chosagwira ntchito chimaiwala ntchito. Asiyeni avutike nayo kapuyo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Agogo, kunyumba kuli ndodo yowongoka, yopepuka, yotalika ngati mpini wa tsache?" Ndinaseka koyamba chidwalireni. Ndodo inalipo, yomwe ija inagwa m'manja mwanga pabwalo.

Kuyambira sabata imeneyo mphasa ndinkaiona pogona pokha. Esinati anandiikira mpando wathabwa pakhonde, wotsamira khoma kuti usasunthe. Ndinkakhala mowongoka, mapazi onse ali pansi, ndodo nditaigwira ndi manja awiri. Poyamba dzanja lamanzere ndi limene linkanyamula, lamanja likungotsatira. Ndinkaikweza kuchoka pa maondo kufika pachifuwa kakhumi, n'kupuma. Kenako kuikankhira kutsogolo ndi kuibweza, kenako kutembenuka nayo pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere. Ndikamaliza za ndodo ndinkapondaponda mapazi ndili chikhalire ngati ndikuyenda, kenako kuwongola mwendo umodziumodzi. Chovuta kwambiri chinali kuimirira pampando ndi kukhalanso, Esinati ataima pambali osandigwira. Ndinkachita m'mawa ndi madzulo. Mayi wa mafizo uja anandichenjeza kuti ndikamva chizungulire kapena ululu wobaya ndizisiya, ndipo ndinamvera.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi Lachinayi lina mu Ogasiti. Amayi a kutchalitchi kwathu anabwera kudzandizonda ine ndili pakati pa mafizo. Esinati atawaona akubwera panjira anathamangira kukayala mphasa. "Amayi, bwerani mugone msanga. Anthu anena kuti ndikukuzunzani." Ndinamuuza kuti amene akufuna kuona munthu wogona apite kwina, ine ndatsala ndi kanayi kuti ndikwanitse khumi. Anandipeza ndili thukuta kamukamu, ndodo ili pamphumi. Mnzanga a Nambewe, amene pakamwa pawo sipakhala chete, anaima n'kugwira m'chiuno. "Kodi anzathu mwalowa usilikali ku ukalamba kuno?" Tonse tinaseka, koma ndodo sindinaitsitse mpaka nditamaliza. Atapemphera, a Nambewe omwewo anaibwereka kuti ayese, ndipo phewa lawo linalira kuposa langa.

Zinthu zinkasintha mochedwa, moti masiku ena ndinkakwiya n'kuitaya ndodoyo pansi. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Mu Sepitembala ndinayamba kudya ndi dzanja lamanja, ngakhale kuti theka la chakudya linkathera pa chitenje. Mu Okutobala ndodo inafika pamwamba pa mutu, ndipo ndinayenda ndekha mpaka pa mjigo. Mu Novembala ndinafika kutchalitchi ndi miyendo yanga. Kuchipatala ndinkapita mwezi uliwonse, ndipo ulendo uliwonse mayi wa mafizo ankandiwonjezera china chatsopano.

Lameki anabwera mu Januwale monga ananenera, atabwereka galimoto kwa mnzake kuti adzanditenge. Pafoni tinkamuuza kuti ndikupezako bwino, koma iye ankaganiza kuti tikungomulimbitsa mtima. Anapeza nyumba yotseka. Anthu anamulozera kudambo, ndipo anayenda m'matope ndi nsapato zake za mu ofesi mpaka anandipeza. Ndinali nditakhala pa kampando m'mphepete mwa nazale, ndikuzula mbande za mpunga ndi kuzimanga m'timitolo, Esinati akuwokera. Nditamuona ndinadzuka ndekha, osagwira ndodo, osagwira munthu, n'kumufunsa ngati wabwera kudzatithandiza. Iye anavula nsapato zija, napinda buluku. Galimoto inabwerera ku Blantyre ndi iye yekha, ndipo za munda sanazitchulenso.

Lero ndili bwino, ngakhale kuti si monga kale. Zala ziwiri zimachitabe dzanzi, ulusi pa singano sinditha kulowetsa, ndipo ndikayenda mtunda wautali mwendo umalemera. Mapiritsi ndimamwa m'mawa uliwonse osaphonya, ndipo mafizo sindinasiye. Lachinayi lililonse tikaweruka ku mapemphero a amayi, anzanga asanu amabwera pakhonde panga, aliyense ndi mpando wake ndi ndodo yake. A Nambewe ndi amene amawerenga mokweza, ndipo amakonda kudumpha manambala akatopa.

Kwa anzanga achikulire ndikuti, mukaona pakamwa papotoka, dzanja lafooka kapena lilime likulemera, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Nkhuku zidye mpungawo, mudzalima wina. Musadikirenso kudwala kuti muyambe kulimbitsa ziwalo, mpando ndi ndodo zilipo pakhomo lililonse. Kwa ana amene mukusamala makolo ndikuti, funsani a chipatala zimene wodwala wanu angathe kuchita, ndipo muwalole achite okha, ngakhale kapu igwe. Mu Juni chaka chino ndinapuntha ndekha mpunga wa m'munda wa agogo anga, ndi ndodo yomwe ija. Ntchitoyo inanditengera masiku ambiri kuposa kale, koma ndodoyo sinagwe m'manja.