Mpando wa Mlendo Pambali pa Ngalande

Chaka chimene a khonsolo anatuma anthu kuzungulira m'komboni mwathu mwa Kabwata kufunsa zoti atikonzere, mwana wanga wamng'ono anali atatha thupi ndi kutsegula m'mimba. Gwero lake ndinkalidziwa. Chimbudzi cha tonse chinkasefukira mvula ikagwa, zonyansa n'kumatsika m'ngalande momwe ana ankasewera.

Chimene chinkatipweteka chinali ulemu wathu womwe. Mlendo akafika, mkazi amamuikira mpando pamthunzi, kugwada, kupereka moni, n'kuchoka. Woyankha ndi bambo. Tsono azibambo athu, anthu ongobwera kudzagona, anali atagwirizana kale kwa tcheyamani wa chipani kuti onse apemphe magetsi a mumsewu wa kumowa. Nditamva ndinapsa mtima zedi. Kukangana ndi tcheyamani masiku amenewo kunali kudziputira, choncho ndinapita kumpopi kukanong'oneza amayi anzanga.

Loweruka lake wofunsa uja anafika, bambo wa tayi ndi nsapato zonyezimira. Pamthunzi ponse ndinali nditayanikapo matewera. Mpando ndinakauika pambali penipeni pa ngalande, ndinagwada bwinobwino n'kupereka moni.

"Amake mwana, mupando mwafaka kuti uku?" anatero bambo a kunyumba, akundiyang'ana ndi diso lofiira.

"Malo yasila, nawasha," ndinayankha, kunena kuti malo atha ndi zochapa.

Mlendo sakana mpando. Anakhala, ntchentche n'kumulandira. Bambo anayamba kufotokoza za magetsi, koma munthuyo maso anali m'ngalande, mpango uli pamphuno. Pakhomo lapitalo mayi mnzanga anali atamukhazika chimodzimodzi, monga tinapangana.

"Ivi vinayamba liti, ba tate?" anafunsa mlendoyo.

Bambo sanadziwe. Anacheukira kwa ine, ndipo ine ndinali ndisanachoke. Ndinamasula mwana kumsana, n'kuonetsa mlendoyo timikono take. Ndinali ndi mantha, koma ndinanena zonse mpaka kumaliza, ndipo iye analemba.

Sabata yonse bambo sanandilankhule. Kumsonkhano tcheyamani anati amayi ena akula mutu, ine ndinangowomba m'manja limodzi ndi onse.

Mapaipi ochotsa zonyansa anabwera chilimwe chotsatira, magetsi ayi. Usiku wina wa mvula bambo anafika matope mpaka m'mawondo, akudandaula za mdima. Ndinawapatsa madzi osamba n'kuwapempha kuti atsitse mawu. Mwana anali m'tulo, ndipo dzinja lonselo anali asanatsegulepo m'mimba.