Mmene ndinachotsedwera pampando m'nyumba mwanga momwe

Ine ndi munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo sindibisa. Koma pa nkhani iyi amene anayamba ndi a banki.

Ndimalima mbatata ya kachewere kumtunda kwathu kuno, kufupi ndi Nzama. Ndikakumba ndimatsitsira kumsewu pa Nsipe, pamene a malole amagula pamatumba. Chaka china nditagulitsa bwino ndinakatsegula akaunti kubanki ina paboma, poopa akuba. Mwezi utatha foni inalira: tadula za kusunga akaunti. Posakhalitsa inaliranso: tadula za uthenga umene takutumizirani. Ndiye kuti munthu akutsine, kenaka akulipiritse chifukwa wakuuza kuti wakutsina. Ndinakwera minibasi kukafunsa. Bambo wa pakauntala anati andisindikizire pepala kuti ndione bwinobwino, ndipo pepalalo anandidulanso. Zimene ndinayankhula pamenepo sindingazilembe. Mlonda anandiperekeza mpaka panja atandikolowekera mkono ngati tikuchokera paguwa.

Ndinalumbira kuti ndipeza akaunti yosadula kanthu. Ndinayenda khomo ndi khomo paboma paja. Kwina anati yaulere ilipo koma ndi ya ana a sukulu. Ndinati Fomu 4 ndinalemba koma sindinakhoze, ndiye sukulu sindinamalize. Sanaseke. Kwina inali ya amayi ochita geni. Ku SACCO anandilandira bwino ndi mpando womwe, koma anati ndiyambe ndagula masheya, ndipo ine kumva mawu oti kugula ndinadzuka. Pomaliza, m'banki ina yaing'ono, mayi wina wa magalasi anandiuza kuti akaunti ya magulu sadula chilichonse: makwaya, makalabu a alimi, a banki m'khonde. Pafunika anthu atatu okha, wapampando, mlembi ndi msungichuma. Potapa ndalama asaine awiri alionse mwa atatuwo.

"Gulu muli nalo, bambo?"

"Lilipo," ndinatero. Linabadwira pomwepo ndili chiimire.

Wapampando ndinali ine, zosachita kufunsa. Msungichuma ndinaika akazi anga. Mlembi ndinasankha alamu anga, mchimwene wa akazi angawo, chifukwa amakhala kutali ku Kandeu ndipo ndinkaganiza kuti akasaina kamodzi sindidzawaonanso mpaka maliro ena. Tsiku losaina anabwera atavala jekete la kutchalitchi, cholembera chili m'thumba la pachifuwa.

"Alamu," anatero tili pamzere, "mlongo wanga munamutenga ulere, lero akaunti mukutenganso yaulere. Inu mudzalowa kumwamba pawindo."

Ndinasungitsa ndalama zonse za mbatata ya chaka chimenecho. Miyezi inadutsa foni ili chete. Ndinkaima pa Nsipe n'kumaonetsa anzanga ogulitsa mbatata foni yosalira, ndikuwatcha mbuli zodyetsa banki.

Kenaka inafika nthawi yothira feteleza wobereketsa. Kachewere sadikira munthu. Ukachedwa masamba amachita chikasu, pansi n'kubala tinthu tonga mazira a njiwa, ndipo chaka chako chathera pomwepo. Ndinauza akazi anga kuti mawa tilawirire kuboma tikasaine.

Anali akusenda nyemba. Sanatukule n'komwe mutu.

"Nkhaniyo ibwere kumsonkhano, bambo."

"Msonkhano wa chiyani?"

"Wa gulu."

"Gulu lake liti? Gulu ndi ine!"

"Ndiye kasaineni nokha."

Ndinaimbira foni alamu aja kuti tikakumane kubanki. Anati mlembi sasaina chinthu chimene sichinalembedwe m'maminitsi, ndipo ngati kuli msonkhano ndiwatumizire ya kabaza.

Msonkhano unachitikira pabalaza panga, patebulo langa. Alamu anatsegula ndi pemphero lalitali lopempherera bata pakati pa mamembala. Kenaka anaitana mayina, ndipo sanapitirire mpaka ine nditayankha kuti ndilipo, m'nyumba imene ndinaumba ndekha njerwa zake. Pa ajenda feteleza anali pomalizira. Poyamba panali malata a khitchini, imene akazi anga anati imadontha kuyambira chaka chimene ndinalonjeza kuifolera. Kachiwiri panali njinga ya ofesi ya mlembi.

"Ofesi yake iti?" ndinafunsa.

"Alamu, kwezani mkono mukafuna kuyankhula."

"Wopereka mwayi woyankhula ndi ine!"

"Ndiye kwezani, mudzipatse."

Ndinamenya tebulo mpaka makapu a tiyi anagwa. Ndinawauza kuti mbatatayo ndinalima ine, kupalira ine, kupopera mankhwala ine, kusenza matumba ine, iwo ali ku Kandeu akusewera bawo. Akazi anga anadikira nditatha mpweya, n'kukweza mkono bwinobwino ngati mwana wa Sitandade 1. Anati akupempha kuti wapampando achotsedwe chifukwa chosokoneza msonkhano ndi kuswa kapu. Alamu anati akugwirizana nazo. Anavota. Manja awiri anakwera. Ine ndinakweza anga onse awiri kukana, koma anawerenga limodzi. Akazi anga anakhala wapampando wogwirizira, ine ndinakhala membala wamba, ndipo msonkhano unatsekedwa feteleza asanafikidwe, chifukwa mlembi ankafuna kubwerera kusanade.

M'mawa mwake ndinali kale kubanki. Mayi wa magalasi uja anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati za m'kati mwa gulu banki silowererapo. Ndinati chabwino, tsekani akauntiyo mundipatse zanga. Anati ndibweretse maminitsi osonyeza kuti gulu lagwirizana kutseka. Ndinafunsa ngati awiri aja angathe kutapa popanda ine. Anati inde, awiri alionse. Ndisanatuluke anandiyamikira, kuti magulu ambiri sakumana koma lathu likuoneka kuti lili ndi moyo, ndipo anandipatsa malaya atatu olembedwa za ubwino wosunga ndalama pagulu. Mlonda wa kumeneko sanavutike nane. Ndinatuluka ndekha, malaya ali kukhwapa.

Pobwerera ndinadzera kumunda. Masamba a m'munsi anali atayamba kale kuyezuka. Ndinakhala pamzera ndikuwerengera anthu amene ndingawanyengerere, ndipo analipo awiri okha padziko lonse lapansi. Alamu mtengo wawo unali njinga. Akazi anga mtengo wawo unali malata, komanso chinthu china chovuta kuposa malata: kuti nditseke pakamwa.

Msonkhano wachiwiri ndinaulipirira kabaza ndekha, ndi nkhuku yomwe, chifukwa mlembi anati wapitawo anabwerera ndi njala. Ndinakhala pampando wopanda chotsamira. Pemphero linadutsa. Mayina anaitanidwa. Alamu anawerenga maminitsi, ndipo anali atalemba mawu anga onse a tsiku lija, otukwana omwe, n'kumawatchula pang'onopang'ono ngati kalata ya Paulo. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva mchere. Kenaka ndinakweza mkono. Akazi anga anayang'ana uku ndi uku pabalazapo ngati pali manja ambiri oti asankhepo.

"Bambo amene muli kumbuyoko."

Ndinaimirira.

"Zikomo, mayi wapampando. Ndikupempha gulu lindithandize ndi feteleza wobereketsa. Mbatata ikufa."

"Mwati chiyani? Mlembi sanamve."

"Ndati ndikupempha."

"Alamu, bwerezaninso, cholembera chinakana," anatero alamu.

Ndinabwereza. Mkati mwanga munkawira ngati thobwa logonera, koma mawu anatuluka osalala. Akazi anga anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti ankadikira tebulo limenyedwe. Silinamenyedwe. Anati gulu lamva, ndipo lavomera feteleza yense pamodzi ndi malata. Njinga inakanidwa ndi mavoti awiri, ndipo aka kanali koyamba ine kukhala mbali yopambana.

Tinapita kuboma tonse atatu titavala malaya aja, chifukwa wapampando analamula. Anasaina iwo awiri. Ine ndinadikira panja ndi mlonda. Matumba ndinasenza ndekha kukweza paminibasi.

Feteleza ndinathira mawa lake, mvula n'kugwa madzulo ake. Patapita masabata ochepa munda unabiriwira moti odutsa ankaima kufunsa mbewu yake. Tsiku lina ndikukwezera mizera ndinaona akazi anga ndi alamu akubwera mondondozana, alamu atanyamula kope. Anayenda mzera ndi mzera, akugwedeza mitu. Akazi anga anafukula phando limodzi, n'kutulutsa mbatata yodzaza dzanja.

"Gulu lalima bwino chaka chino," anatero.

"Gulu?"

"Feteleza anali wa ndani, alamu?" anafunsa alamu akutsegula kope lija.

Khasu linali m'manja mwanga. Ndinaliika pansi pang'onopang'ono, n'kukweza mkono. Wapampando anati msonkhano sunatsegulidwe, ndipitirize kaye ntchito.