Tinkati Wazolowera

Uthenga unandipeza m'matope, ine ee, m'matope a ku sikimu kwathu ku Bwanje, ndikuwokera mpunga, msana uli gwa. Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga woyamba, anabwera akupalasa njinga m'mbali mwa ngalande ngati akuthawa njuchi. Asanatsike n'komwe anakuwa: "Amayi! Amayi inu! Tulukani m'madzimo, walankhula!"

"Walankhula ndani?"

"Mdzukulu wanu! Uja mumati mkazi mnzanu uja!"

Mbande zinagwa m'manja. Nthungululu inatuluka yokha, sindinaiitane. Ndinavina m'madzi momwemo, ndinavina mpaka kuponda mbande za eni ake, ndipo eni akewo sanandikalipire, poti chigwa chonse chinkadziwa kuti pakhomo panga pali mwana amene anameza mawu.

Mwanayu ndi wa mwana wanga wamkazi womaliza, amene anatengedwa chitengwa kumtunda ku Biriwiri, kwa alimi a kachewere, kumene mphepo imalowa m'mafupa. Anabadwa bwinobwino. Anakhala pansi pa nthawi yake, anakwawa pa nthawi yake, anaimirira chogwira mtondo, anayenda dede tikumuombera m'manja. Mawunso anali atayamba kumera: mama, gogo, madzi ankati mma. Amake akangolowa m'nyumba, iye pambuyo. Amake akatuluka, iye pambuyo.

Asanakwane zaka ziwiri, amake anaimanso. Akuluakulu a kuchimuna anati mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa mwana, aleke bere msanga. Njira yake aliyense amaidziwa: mwana amapita kwa agogo ake kutali, akaiwale. Amake anabwera naye pa kabaza dzuwa lili pamutu. Tinamukhazika pamphasa, ndinamusendera nthochi, amake anati, "Khala pompo, idya." Kenako anazembera kuseri kwa nkhokwe, n'kudutsa m'munda kukapeza msewu.

Mwana analira, mayo ine, analira. Njinga iliyonse yodutsa ankaithamangira. Mawu anasasa, analirabe. Kenako kulira kunachepa, ankangokhala pakhonde chala chili m'kamwa, maso ali kumsewu. Kenako ngakhale kumsewuko anasiya kuyang'ana.

"Wazolowera," anatero amuna anga.

"Wazolowera," anatero azimayi pa mjigo. "Mwana wosavuta bwanji! Aliyense amunyamule, iye zii."

Wazolowera, wazolowera, tonse tinaimba nyimbo imodzi. Phala ankadya, tulo ankagona, pa sikelo ankakwera. Koma mama anatha, gogo anatha, mma anatha. Akafuna madzi ankangoima pafupi ndi mtsuko.

Amake sanathe kubwera msanga. Mimba inavuta, miyendo inatupa, anakadikirira kuchipatala, anachira ndi mpeni. Atalimba anatsika kudzamuona, khanda lili kumbuyo. Mwana anawayang'ana monga umayang'anira mtengo, n'kupitiriza kutola timiyala. Amake anati amunyamule, iye anauma thupi ngati chikuni. Mwana wanga anabwerera ku Biriwiri m'maso muli gwaa, akuti, "Msiyeni, amayi, wazolowera kuno."

Chaka chinatembenuka. Anzake obadwa naye mwezi umodzi ankatukwana kale nkhuku, iye duu. Pakamwa pa anthu panayamba kutentha. Ena anati ndi tsempho, makolo sanadzisunge mwana ali wakhanda. Ena anati ndi gonthi. Mlamu wanga anati lilime linamangika kunsi, tipite naye akalidule.

Ndinapita naye kwa anamwino a kuchipatala chathu chaching'ono, mayi wonenepa wa magalasi. Anaomba m'manja kumbuyo kwake, mwana anatembenuka. Anasuzumira kunsi kwa lilime, anati palibe chodula apa. Kenako anandifunsa mmene anabwerera kwathu, ine n'kufotokoza zonse.

"Agogo," anatero, "mwana sakula thupi lokha. Mtimanso umakwawa, umaimirira, umayenda. Choyamba chimene umaphunzira ndi ichi: pali munthu wanga, akachoka amabwerera. Akagwira chimenecho, mwana amalimba mtima kupita kukasewera, kukatola mawu. Munthu uja akasowa mwadzidzidzi, mwana amayamba ndi kulira. Kenako amafooka. Kenako amakhala ngati alibe nazo ntchito."

"Ndiye kuzolowera kumeneko," ndinatero.

"Ayi agogo. Kumeneko ndi kutaya mtima."

Anandiuza kuti ndizimulankhula tsiku lonse ngakhale asayankhe, azisewera ndi anzake, ndipo ndisamazembe. Pochoka ndizitsanzika, pobwera ndizinena kuti ndabwera.

Ndiye ndinayamba. "Mkazi mnzanga, dzuka, mwamuna wathu afuna madzi osamba. Mkazi mnzanga, ulesi bwanji, therere ndithyole ndekha?" Amuna anga anati, "Agogo ake, mwasanduka wayilesi? Nanga pozimitsira ndi pati?" Ine osaleka. M'mawa uliwonse ndinkagwada pamaso pake: ndikupita ku sikimu, ndibwera. Masana: ndabwera. Iye osacheuka, osacheuka, miyezi ikupita. Tsiku lina ndikutsanzika anagwira chitenje changa n'kulira mokweza. Ndinapita ku sikimu ndikuimba. Anzanga anati, mwana akulira iwe ukuimba? Ndinati inde, walira, walirira ine.

Tsono tsiku la uthenga lija ndinakwera pakaliyala ya njinga ya mpongozi wanga, matope ali m'miyendo. Tinapeza ana pansi pa mtengo wa mango akusewera masanje. Mpongozi anandigwira mkono. "Musamudzidzimutse, amayi. Akubwerezabwereza, ingoonerani."

Mdzukulu wanga anali ndi chitsononkho, atachikulunga kansanza ngati mwana. Anachigoneka pa tsamba. Anaika khoko la nthochi pambali pake. Ndiye ndinamva mawu, timawu tosasa ngati chitseko chosatsegulidwa kalekale: "Khala pompo. Idya."

Anadzuka, n'kupita kuseri kwa nkhokwe, n'kuima.

Nthungululu imene ndinabwera nayo inafera pakhosi. Tinkati anali wamng'ono, sakudziwa kanthu. Tinkati waiwala. Nthawi yonseyi ankazisunga, nthochi yomwe, nkhokwe yomwe.

Anaima kuseriko, anaima. Kenako anatulukira, anatola chitsononkho chija, anachikumbatira. "Ndabwera," anatero.

Apo ndiye ndinagwa pansi, kulira ndi kuseka pamodzi.

Tinaimba foni ku Biriwiri. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinatulutsa ndowa ya thobwa, anthu anadzaza bwalo. Amake anafika ndi amuna awo. Anagwada pamphasa, anatambasula manja. "Bwera, mwana wanga. Ndine amayi ako."

Mwana anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine. "Gogo, ndani?"

Mwana wanga anaweramitsa mutu, misozi ikugwera pachitenje. Mlamu wanga anayamba kuti, "Aa, msiyeni, kuno ndiye anazo..." Ndinamudula: mawu amenewo pakhomo pano asamvekenso.

Ndinatembenukira kwa mkamwini. "Bambo, akazi anu atsale kuno mpaka tidule mpunga."

"Nanga kachewere, amayi? Akumba ndani?"

"Muli ndi alongo anu. Uyu ali ndi mayi mmodzi."

Anakanda m'mutu, anayang'ana mwana wake, anavomera. Ngati mwanayo adzawaitanenso mama, sindikudziwa, anamwino nawonso sanalonjeze. Koma walankhula, ine ee, walankhula, ndipo tsikulo tinavina ndithu, fumbi linakwera.

Anabwera amuna anga atavala jekete pa kutentha konseko. Anabwera mwana wanga woyamba ndi mpongozi wanga wa njinga uja. Anabwera mlamu wanga wofuna kudula lilime, anamwa makapu ambiri kuposa onse. Anabwera eni mbande ndinaponda zija, azimayi a pa mjigo, amayi a chigwirizano ndi mipango yawo yoyera, wakabaza amene anamubweretsa tsiku loyamba, ana a masanje onse ndi zitsononkho zawo. Anabwera mkamwini, ndi khanda limene likuyenda kale. Anabweranso amake, anakhala kumapeto kwa mphasa, manja ali pamiyendo, akudikira.