Mvula Inkathela pa Phili

Kuseli kwa ofesi ya sukulu yathu ku Nyampande kunali chitini choyezela mvula, chokhomeledwa pa chipika, chadzimbili kukamwa. M'mawa uliwonse aphunzitsi ankakhuthulila madzi ake m'kabotolo ka mizelemizele, n'kukakweza kumaso ngati akuyeza mankhwala. Chaka chimenecho chitinicho sichinagonepo ndi ludzu.

Ife tinkakhala kuseli kwa phili. Mitambo inkataya zonse kusukulu, kwathu n'kungofika fungo la dothi lonyowa. Ndinkaweluka yunifomu itamata pamsana, kukafika pakhomo fumbi lili koboo. Chimanga cha amai chinapota masamba chisanamasule ngayaye.

Amalume a ku Kacholola anali atanenelatu kuti chimanga cha thandizo chikapanda kubwela adzatenga mng'ono wanga, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, kuti pakhomo pachepe pakamwa.

Anthu oona za njala anabwela tsiku limodzi pa galimoto, ndipo msewu unkathela pasukulu. Anafunsa za chitini, anayang'ana minda yobiliwila yozungulila bwalo, basi, dela lonse lili bwino. Amai atamva anazula phesi louma n'kukwela nalo phili. Nditawaona pawindo la kalasi ndinachita manyazi.

"Amai, chitini sichinama," anatelo aphunzitsi mwaulemu.

"Sichinama, bambo. Koma kumunda kwanga sichinafikeko."

Onse awili ankanena zoona. Lelo ntchito yanga ndi yomweyi: ndimatenga manambala a mvula ndi a nthaka a malo ochepa amene anayezedwa, n'kuwelengela za malo apakati amene sanayezedwe, kenako n'kupaka mitundu pa mapu. Lamulo lake limati malo oyandikana amafanana, ndipo nthawi zambili silikhumudwitsa. Koma pakati pakakhala phili sindipakapo mtundu. Ndimalemba kuti apa sitikudziwa, anzanga n'kumadandaula kuti ndimaipitsa mapu. Adandaule.

Chimanga cha thandizo sichinabwele. Mng'ono wanga anapita mu Malichi, pa kaliyala ya njinga ya amalume, atakumbatila zovala zake m'chitenje. Anakula akukweza nthochi zogulitsa pamawindo a mabasi, ndipo m'kalasi sanalowemonso.

Tsiku limene anapitalo ndinawapelekeza wapansi mpaka kusukulu. Njinga itakhota, ndinapita kuseli kwa ofesi n'kusuzumila m'chitini. Munali madzi. Mtima unakhala pansi. Ndinati mvula ilipo, ndiye kuti mawa amubweza.